Mabasi Asanu ndi Jekete la Achimwene

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu ndisanayambe, chifukwa pali anthu amene amandinena kuti ndimathira mchere wambiri pa nkhani. Yoyamba ndi Ba Mwanza, mkulu wa ku Chipata amene amagulitsa zovala ndi nsomba zouma m'shopu imodzi ku Peckham. Yachiwiri ndi Anaphiri, namwino wa kwathu ku Dowa, mayi amene sananamepo chibadwire, ngakhale kwa odwala amene akanakonda kunamizidwa pang'ono. Yachitatu ndi mayi wina wa ku Ukraine amene dzina lake sindinafunse, koma mukamupeza avomereza zonse. Zimene atatuwa sanaone ndinaziona ndekha, ndipo ine ndimadzikhulupirira.

Ine ndine Yotamu. Ndimasambitsa ndi kudyetsa azungu okalamba pa nyumba ina yowasungira ku Lewisham, chaka chachisanu ndi chinayi chino. Kumudzi ndili ndi mkulu wanga mmodzi, achimwene a Lakisoni, amene anandilera makolo athu atamwalira. Anali mphunzitsi wamkulu, pano anapuma ndipo amalima kufupi ndi Mponela.

Tinayambana nthawi ya kampeni ya upulezidenti. Banja lathu lili ndi gulupu pa foni, ndipo miyezi imeneyo gulupuyo inasanduka bwalo la msonkhano. Achimwene anali mbali ya boma, tsono kwa iwo chilichonse chinali nkhondo za kunja. Feteleza wadula? Nkhondo ya ku Ukraine. Petulo wasowa? Nkhondo ya kwa Aluya. Mbuzi yawo itathyola khola, ndikulumbira, analemba kuti yadzidzimuka ndi mizinga. A mbali inayo nawo sankagona. Mlamu wathu wina ankati nkhondozo kulibe n'komwe, boma langozipeka kuti lipeze pobisala, ndipo zithunzi zake amajambulira ku Area 18.

Ine ndikanangokhala chete. Koma tsiku lina pa buleki, nditakhuta tiyi, ndinalemba kuti: "Achimwene, kodi nkhondo yomweyo ndi imene yawagulira aphungu athu galimoto yachitatu?" Ndinaikaponso kankhope koseka mpaka misozi. M'gulupumo muli ana awo, apongozi awo ndi abusa.

Anayankha mawu awiri okha: "Wosavota asalankhule." Kenaka foni inandiuza kuti ndachotsedwa.

Pa mfundo yosavotayo sananame. Ife a kunja kuno voti timangoionera pa foni ngati mpira.

Panapita masabata asanu ndi awiri. Foni imene inkanjenjemera m'thumba ngati mng'oma wa njuchi inangoti zii, moti batire ndinkatchaja Lamlungu lokha. Palibe amene analimba mtima kundibwezamo, chifukwa amene angatero ndiye wasankha mbali. Chinkhoswe cha mwana wa achimwene chinadutsa, chithunzi sindinaone ngakhale chimodzi. Kawiri ndinadziimbira ndekha pa foni ya kuntchito kuti ndione ngati yanga ikugwirabe. Inalira bwinobwino. Ndinayankhanso. Achimwene ndinawalembera paokha, ndinawaimbira, koma uthenga ankangowerenga, kuyankha ayi.

Anaphiri ndi amene anandikhazika pansi titaweruka ku tchalitchi.

"A Yotamu, mwakhalitsa kuno. Mkulu sapepesedwa pa foni. Pamafunika munthu woyenda ndi miyendo, wokafika pakhomo, atanyamula kanthu m'manja."

"Munthuyo ndimupeza kuti?"

"Ine ndikupita kukavota, ndinalembetsa ndili ku holide. M'chikwama mwatsala malo a kilo imodzi. Imodzi, osati imodzi ndi mchira wake. Kuyambira Lachinayi ndikagona kwa mwana wanga ku Hounslow, ndiye mundipeze pa bwalo la ndege la Heathrow Loweruka. Faifi koloko ndikupereka zikwama. Mukachedwa, mudzapepesa nokha pamanda."

Masiku onsewo ndinali pa shifiti, tsono zonse zinagwera Loweruka lomwelo. Anzanga ankati ndikwere sitima ya pansi pa nthaka, ola limodzi ndi theka ndafika. Ine imeneyo sindikwera. Munthu amalowa pansi kamodzi, ndipo amachita kunyamulidwa. Komanso basi ndi paundi imodzi ndi mapeni 75, ndipo ukasintha ola lisanathe yachiwiri ndi yaulere. Ndinawerengera mabasi asanu, ndinanyamuka teni koloko m'mawa.

Basi yoyamba, ya ku Peckham, ndinakhala pamwamba kutsogolo ngati mwini wake. Munali anthu ambiri ndithu, koma mpando wa pambali panga unafika wopanda munthu. M'minibasi ya kwathu, pofika pa Lumbadzi umakhala utadziwa matenda a aliyense, wina wakukhazika mwana pamiyendo, wina wakugawira chinangwa. Kuno mnyamata wina anayetsemula pa New Cross, ine n'kumuuza kuti pepani, iye anasintha mpando.

Ba Mwanza ndinawapeza akuthamangitsa nkhunda pakhomo la shopu.

"Ah, mudala wa ku Malawi! Mwasoba maningi. Nkhondo yafika na ku Lewisham?"

"Ndikufuna jekete la munthu wamkulu amene wakwiya."

"Akalipa bwanji? Pang'ono olo maningi?"

"Anandichotsa m'gulupu ya banja."

"Iyee. Iyo ifunika ya mazipi yabili."

Anatsitsa jekete lokhuthala, la ubweya mkati, n'kuliika pa sikelo ya nsomba. Silinakwane kilo. Fungo la mlamba anati n'laulere. Ndikuyang'ana matumba ndinawafotokozera za mkangano wathu, iwo akungogwedeza mutu.

"Na kwathu ni chimozimozi," anatero. "Unga ukadula, ati ni nkhondo. Malaiti yakayenda, ati ni nkhondo. Ba opozishoni nabeve bakangena, nkhondo yamene benzokana baipeza mu ofesi ibayembekeza. Manje imwe muzavotela ndani?"

"Ife kuno sitivota."

"So mwayambana na mukulu wanu pa ndiyo zamene simuzadyako?"

Ndinayesa zipi zonse ziwiri, ndinakoka mabatani, ndinanunkhiza m'khwapa. Chinthu chimodzi chokha sindinachiganizire, ndipo tichipeza kutsogolo. Ba Mwanza analikulunga m'jumbo yakuda n'kumata ndi tepi ngati mtembo wa mfumu.

Basi yachiwiri inayenda bwino pa Camberwell, pa Oval, n'kuwoloka mtsinje pa Vauxhall. Itayandikira Victoria inaima. Inasuntha utali wa mphasa, inaimanso. Tinakhala pamenepo mpaka nkhunda ina inatipitirira wapansi, ikutiyang'ana monyoza. Kenaka mawu a mayi wa m'makina olengezera a m'basimo analengeza kuti basi yathera pomwepa, dalaivala anathimathimitsa magetsi, tonse tinatsika. Palibe anadandaula. Kwathu kondakitala akanathawira m'chimanga.

Kutsogolo kunali zionetsero zotsutsa nkhondo ya ku Gaza. Anthu anadzaza msewu kuchokera khoma ili kufika khoma linalo, mbendera, ng'oma, azimayi okankha ana, agogo a ndodo, apolisi m'mbali. Ine ndinangofuna kuwoloka. Ndinalowa ndi phewa ndikunena kuti zikomo, zikomo, koma khamu lili ngati Bua mu Febuluwale, pamene walowera si pamene utulukire. Linanditenga. Dona wina wa imvi anandipatsa chikwangwani kuti ndimugwirire amange nsapato, ndipo sindinamuonenso. Ndinayenda nawo mtunda ndithu, dzanja ili chikwangwani, dzanja ili jumbo ya achimwene. Ngati munaona pa TV munthu wakuda wochita zionetsero akuyang'ana wotchi, ndinali ine.

Pamenepo m'pamene zinandifikira. Nkhondo imene ndinawaseka nayo achimwene ndinakumana nayo maso ndi maso, itatseka msewu wanga. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Mmalawi anachedwa chifukwa cha nkhondo ya kunja, ndipo zinali zoona. Ndinatulutsa foni, ndinajambula khamulo, chala chinapita chokha kukafuna gulupu ya banja. Ndinaibweza m'thumba. Anthu onsewo ankafuula mawu amodzi pamodzi, ine ndinalibe ngakhale womutumizira chithunzi.

Ndinatulukira mbali ina, chikwangwani ndinachitsamiritsa pa mtengo mwaulemu, n'kuyenda wapansi mpaka ku Kensington kumene mabasi ankayendako. Ola langa laulere linali litatha kalekale. Nkhondo inandidyera paundi imodzi ndi mapeni 75, ndipo pa zimenezi ndili ndi umboni wa ku banki.

Pa siteji, chikwangwani cha magetsi chinkati basi ifika pakatha mphindi zitatu. Chinanena zimenezo kwa mphindi makumi anayi osachita manyazi. Pa benchi tinalipo awiri, ine ndi mayi wina wachizungu wa zaka za m'ma fifite, atamanga kariboni ka buluu ndi chikasu pa chikwama. Tinazindikirana ndi nsapato. Anthu a ntchito yathu timavala nsapato zakuda zofewa, ndipo manja athu ndi osweka ndi sopo. Anayang'ana anga, ndinayang'ana ake.

"Angati?" anandifunsa.

"Khumi ndi awiri pa shifiti."

"Ine khumi ndi anayi. Awiri amaluma."

Chingerezi chathu tonse chinali cha pa kaunjika, koma chinkatikwana. Atanena kuti kwawo ndi ku Ukraine, ndinakhala tsonga. Masabata asanu ndi awiri ndikuvutika ndi mlandu, mboni yeniyeni n'kukhala nayo benchi imodzi!

"Mayi, mundithandize. Kwathu tikusankha pulezidenti Lachiwiri. Ena akuti nkhondo yanu ndi imene yadulitsa feteleza. Ena akuti ndi bodza, ndi akuluakulu athu amene akuba. Inu mukuti bwanji?"

"Kwanu ndi kuti?"

Ndinamuonetsa pa mapu a pa foni. Anachita kukulitsa ndi zala kawiri kuti dzikolo lioneke.

"Mpaka kumeneku?" Anandibwezera foni. "Munda wa tirigu wa bambo anga sulimidwanso, m'nthaka muli mabomba. Sitima za pamadzi zinaima nthawi yaitali. Ndiye mwina n'zoona. Koma akuba kwathunso analipo nkhondo isanabwere, ndipo itabwera sanapite ku holide. Bwanji zonse ziwiri zisakhale zoona?"

Funso limeneli m'gulupu ya banja lathu palibe analifunsapo. Angakuchotse a mbali zonse ziwiri.

Basi itabwera tinakhala mpando umodzi. Ndinaona kuti mphindi iliyonse amatsegula foni, n'kuyang'ana, n'kutseka. Matenda amenewo ndimawadziwa, tsono ndinamufunsa. Anandionetsa. Chinali chithunzi cha bambo wa ndevu atavala za usilikali, mlongo wake. Pansi pake panali mauthenga a mayiyo okhaokha, m'mawa uliwonse umodzi, kutsetsereka mpaka m'munsi. Uliwonse unali ndi kamzere kamodzi kotuwa, kusonyeza kuti sunafike n'komwe. Anati mwezi wachisanu uno.

Ine ndinamuonetsa yanga. Ndinati nanenso mkulu wanga sandiyankha, tinayambana pa za chisankho. Anatenga foniyo n'kuiyandikiza kumaso.

"Timizere tiwiri," anatero. "Tabuluu."

"Eya, amawerenga. Koma sayankha."

"Amawerenga." Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono, ngati munthu wolawa chakudya chimene anachiiwala. "Dzulo lomweli wawerenga. Ali ndi maso, ali ndi chala, wakwiya. Bambo, inu ndinu wolemera."

Ine ndili ndi nthabwala ya chilichonse. Ndinaseketsapo anthu pa maliro mpaka abusa anatuluka panja. Koma kuchokera pamenepo mpaka pa Hammersmith ndinafufuza m'matumba onse, sindinapeze ngakhale imodzi. Potsika mayiyo anasisita jumbo yanga kawiri ngati mutu wa mwana, n'kulowa m'khamu. Ndipamene ndinakumbukira kuti dzina sindinafunse.

Nthawi inali itadutsa fili koloko. Basi yachinayi, ya ku Hounslow, inatenga msewu waukulu wa kumadzulo, wamagalimoto osatha. Titayenda pang'ono dalaivala anaimitsa, anavala jekete lake, anatenga chikwama, n'kutsika. Shifiti yake yatha. Womulandira anali asanafike. Tinakhala m'basi yopanda mwini, injini itazima, aliyense akuyang'ana bondo lake. Ndinaganizapo zokaiyendetsa ndekha, poti thirakitala ndinayendetsapo ku esiteti, koma ndinakumbukira viza yanga. Ndege zinkadutsa pamwamba pathu motsika kwambiri moti mmodzi mwa okwera ndinamuona akusenda nthochi.

Mwadzidzidzi china chake chinanjenjemera pantchafu panga. Ndinalumpha, ndinadzimenya, mayi wa kutsogolo anakumbatira chikwama chake. Inali foni. Ndinali nditaiwala mmene imachitira.

"A Yotamu, muli pati?" Anali Anaphiri.

"Ndayandikira, mayi."

"Kuyandikira kwa Chimalawi kapena kwenikweni?"

"Ndege ndikuziona."

"Ndege zimaoneka ngakhale muli ku Ntchisi. Fulumirani."

Dalaivala watsopano anabwera akumwa khofi, anakonza mpando, anakonza galasi, anakonzanso mpando. Pa Hounslow ndinathamangira basi yachisanu ngati mbava ya pa msika, ndipo ndinalowa m'bwalo la ndege kutatsala mphindi khumi.

Anaphiri ndinawapeza pafupi ndi mzere atakhalira chikwama kuti chitsekeke. Ndinawapatsa jumbo ija ndi manja awiri, ndikupuma ngati galu.

"Sindinyamula chinthu chimene sindinachione," anatero, n'kung'amba tepi ya Ba Mwanza ndi kiyi.

Analitambasula jeketelo. Analiyang'ana. Anandiyang'ana ine. Analipinda msanga n'kuyang'ana uku ndi uku ngati muli chamba.

"A Yotamu, mutu ukuyenda bwino? Mtundu uwu? Sabata ya voti?"

Mtunduwo sindiutchula, ndili ndi abale mbali zonse. Ndingoti unali mtundu weniweni wa chipani chimene achimwene akachiona pa chitenje amawoloka msewu. Kuno jekete ndi jekete. Zaka zisanu ndi zinayi zinandiiwalitsa kuti kwathu nthawi ya kampeni ngakhale ambulera imavota.

"Ndikafike pakhomo pa a Lakisoni, ndigwade, ndinene kuti mng'ono wanu wapepesa, n'kutulutsa ichi? Akandithamangitsa ndi khasu. Komanso jekete la ubweya mu Seputembala, mukufuna akaphike?"

"N'la Juni wa chaka chamawa."

"Juni simufika muli pachibale."

Ndinayang'ana jekete limene ndinavala, lakale, lotuwa, lopanda chipani. Ndinayamba kumasula zipi.

"Limenelo si lija anakugulirani iwo omwe pa kaunjika mukunyamuka? Munandiuza nokha. Mukawabwezera mphatso yawo ndiye mwati chibale chatha. Valani."

Mzere unkasuntha. Mabasi asanu, maola asanu ndi awiri, nkhondo ziwiri, ndipo ndinaima pamenepo manja ali lende. Anaphiri anapumira m'mwamba.

"Kodi kwanu mumapepesa ndi chiyani?"

"Nkhuku."

"Nanga za majekete munaziona kuti? Bweretsani teni paundi, ndikagula pa Mponela."

"Mukagule tambala wamkulu."

"Tambala ayi, ameneyo ali ndi chipani kale, angati mukuwanyogodola. Ndikagula msoti wamawangamawanga, wosadziwika mbali. Koma nkhuku siyankhula. Mawu oti ndikanene ndi ati? Ndipo musandipatse nthabwala, sindinyamula."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi yoyamba ija, okhala ndi miyambi iwiri ndi vesi. Onse anathawa.

"Mukawauze kuti ndinalakwa kuwaseka pamaso pa ana. Za feteleza sindikudziwa, mwina akunena zoona, mwina theka. Mukawauze kuti ndikaona timizere tija tasanduka tabuluu ndimadziwa kuti adzuka. Koma kuno kuli zii, mayi. Andikalipire bwanji, bola ndimve mawu."

Anaphiri sanandiyang'ane kumaso. Anakoka chikwama chawo.

"Zimenezo n'zopepuka, zikwana. Pitani, musaphonye basi."

Ndinabwerera ndi mabasi ena asanu nditavala majekete awiri. Za ulendo umenewo palibe chonena, palibe anandilankhula.

Lachiwiri anthu anavota. Ndinaonera mizere yawo pa foni nthawi ya buleki, ndikufufuza dazi la achimwene pakati pa anthu osawadziwa. Lachitatu zii. Lachinayi zii. Dziko lonse linkadikira zotsatira, inenso ndinkadikira zanga.

Lachisanu m'mawa ndinkamwetsa phala mkulu wina amene amanditchula dzina la mwana wake. Foni inanjenjemera m'thumba. Inanjenjemeranso. Kenaka inayamba kunjenjemera kosalekeza mpaka mkuluyo anafunsa ngati kukubwera sitima. Pa ntchito foni n'njoletsedwa, koma ndinaitulutsa. Ndinali nditabwezedwa m'gulupu. Mlamu uja ankalengeza zotsatira zakezake, abusa ankapempha bata, wina ankagulitsa mbuzi. Pakati pa zonsezo panali chithunzi cha msoti wamawangamawanga womangidwa mwendo pa mtengo wa mango umene ndimaudziwa, ndi uthenga wa achimwene:

"Nkhuku yalandiridwa. Ndi yowonda, koma sitikudandaula. Madeya adula chifukwa cha nkhondo."

Chala changa, ndikulumbira, chinayamba chokha kulemba za aphungu. Ndinachigwira ndi dzanja linalo. Ndinafufuta, ndinalemba kuti: "Zoonadi achimwene. Inenso inandichedwetsa pa Victoria."

Timizere tiwiri. Tabuluu. Kenaka pamwamba panaoneka kuti achimwene akulemba. Analemba, anasiya, anayambanso. Ndinaima pomwepo ndi supuni m'manja, phala likuzizira, mkulu uja atayasamula kukamwa, tonse awiri tikudikira.